Timati "wachira", koma kodi mtima wake wachiradi?

Mayi akabereka ku Chatinkha kapena pa chipatala chaching'ono cha ku Ndirande, uthenga umene umapita kwa abale ndi wa liwu limodzi: wachira. Akuluakulu amati pakati ndi pakati pa moyo ndi imfa, choncho amene wawoloka ali ndi mwana m'manja timamuwerengera kuti wapulumuka. Ifenso azaumoyo tili ndi "wachira" wathu. Tinaphunzitsidwa kuti mankhwala enieni a preeclampsia ndi kubereketsa, kuti nsengwa ikatuluka ndiye kuti gwero la matenda lachoka. Zimenezi ndi zoona pa nkhani ya nsengwa. Pa nkhani ya mtima wa mayi, umboni wa zaka 20 zapitazi ukunena zina.

M'nkhani ino ndikuunika kafukufuku wotchedwa POP-HT, amene anachitikira ku Oxford m'dziko la United Kingdom motsogozedwa ndi Jamie Kitt ndi Paul Leeson. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu JAMA mu 2023, ndipo gawo lounika mtima linatuluka mu Circulation mu 2024. Ndamusankha chifukwa akuyankha funso limene limatikhudza ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri: mayi amene BP yake inakwera ali woyembekezera, tikamusamala bwino m'masabata oyamba atabereka, kodi mtima wake umabwerera mwakale? Maganizo anga ndi akuti kafukufukuyu anachitika mwaluso ndipo uthenga wake waukulu tiyenera kuulandira. Koma zimene watsimikiza ndi zochepa poyerekeza ndi zimene munthu angaganize akangowerenga mutu wake, ndipo njira imene ofufuzawo anagwiritsa ntchito sitingaikopere monga ilili.

Katundu amene mtima umasenza

Pathupi pakakhala pabwinobwino, madzi a m'magazi a mayi amachuluka ndi 40 mpaka 50 pa 100, ndipo magazi amene mtima umapopa pa mphindi imodzi amawonjezekera ndi 30 mpaka 50 pa 100. Mtima umaitha ntchito imeneyi chifukwa mitsempha imamasuka n'kutakasuka, magazi ochulukawo n'kumayenda mosavuta. N'chifukwa chake BP ya mayi wathanzi imatsikako pang'ono pathupi pakafika miyezi yapakatikati.

Mu preeclampsia mitsempha simasuka. Nsengwa imene sinamere bwino m'chiberekero imatulutsa zinthu zowononga kachikopa ka m'kati mwa mitsempha ya thupi lonse. Mitsempha imafinyika ndipo imayamba kudontha madzi. Mtima tsopano ukukankhira magazi m'mapaipi opapatiza. Aliyense amene anapopako mjigo wolimba kwa masabata angapo amadziwa zimene zimachitika ndi minofu ya mkono: imakhuthala. Chimodzimodzi chipinda cha m'munsi chakumanzere cha mtima, chimene chimatumiza magazi m'thupi lonse. Makoma ake amakhuthala n'kuuma. Mnofu wouma umathabe kufinya, koma umavutika kumasuka kuti ulandire magazi ochokera m'mapapo. Magaziwo amaunjikana pakhomo, ndipo madzi amayamba kulowa m'mapapo. Apa ndi pamene mayi wa preeclampsia yoopsa amene walandira madilipi ambiri amayamba kubanika mwadzidzidzi. Pofuna kupewa zimenezi, malangizo a NICE a ku United Kingdom amati madzi opatsa mayi wotere asapitirire 80 ml pa ola, pokhapokha ngati akutaya magazi kapena madzi.

Mwana akabadwa, katunduyo sachoka pa mtima tsiku lomwelo. Magazi amene anali m'chiberekero amabwerera m'mitsempha ya mayi, madzi amene anatupitsa miyendo ndi nkhope nawonso amabwerera momwemo. BP imakonda kufika pachimake pakati pa tsiku la 3 ndi la 6. Nthawi imeneyo amayi ambiri anatuluka kale m'chipatala, ali m'chikuta kunyumba, ndipo maso a aliyense ali pa mchombo wa mwana.

Zimene zinkadziwika kale

POP-HT sanayambire pachabe. Mu 2011, Karen Melchiorre ndi anzake pa chipatala cha St George's ku London anaunika mitima ya amayi patatha chaka chimodzi chiberekereni, pogwiritsa ntchito makina ounikira mtima otchedwa echo. Mwa amayi amene preeclampsia inawagwira mwana asanakhwime, 56 pa 100 anali ndi mtima wokhuthala kapena wosagwira bwino ntchito. Mwa amene inawagwira masiku atakwana anali 14 pa 100, ndipo mwa amene sanadwale anali 8 pa 100. Amayiwo sankadandaula chilichonse. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mu 2017, Pensée Wu ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 22 wokhudza amayi oposa 6.4 miliyoni. Anapeza kuti mayi amene anadwalapo preeclampsia ali pa chiopsezo chochuluka pafupifupi kanayi choti mtima wake udzalephere kupopa bwino m'tsogolo, ndiponso pafupifupi kawiri choti adzadwale sitiroko kapena matenda a mitsempha ya mtima. Kuno ku Africa, Annettee Nakimuli ndi anzake anatsatira amayi pa chipatala cha Mulago ku Kampala, ndipo mu 2013 anafotokoza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse amene anali ndi preeclampsia anali adakali ndi BP yokwera patatha miyezi itatu atabereka.

Palinso nthenda ina yotchedwa peripartum cardiomyopathy, imene mtima umafooka n'kufutukuka chakumapeto kwa pathupi kapena m'miyezi yoyamba mayi atabereka. Imapezeka kwambiri mwa amayi a ku Africa. Natalie Bello ndi anzake anawerengera mu 2013 kuti 22 pa 100 ya amayi odwala nthendayi anali ndi preeclampsia, chiwerengero chochuluka pafupifupi kanayi kuposa cha amayi oyembekezera onse.

Umboni wonsewu uli ndi chofooka chimodzi: ndi wongoyang'ana. Ukutiuza kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, koma sukunena chimene chimayamba. Mwina preeclampsia imavulaza mtima. Mwina mayi amene mtima ndi mitsempha yake zinali zofooka kale ndi amene amagwidwa ndi preeclampsia, pathupi n'kungoulula zimene zinalipo. Ndipo palibe mwa kafukufuku ameneyu amene anasonyeza kuti tingachitepo kanthu. Mpata umenewu ndi umene POP-HT anafuna kutseka.

Zimene ofufuza a ku Oxford anachita

Analemba amayi 220 amene anali ndi preeclampsia kapena BP yokwera chifukwa cha pathupi, ndipo ankafunikabe mankhwala a BP potuluka m'chipatala. Anawagawa m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina linalandira chisamaliro cha nthawi zonse cha ku England. Gulu linalo linapatsidwa makina oyezera BP kunyumba. Mayi ankadziyeza yekha, manambala n'kupita kwa madokotala kudzera mu pulogalamu ya pafoni, ndipo dokotala ankamuuza zowonjezera, zochepetsa kapena zosiya mankhwala malinga ndi manambalawo.

Patatha miyezi pafupifupi 9, ofufuza anamangirira mayi aliyense makina amene amayeza BP usana ndi usiku kwa maola 24. Amayi odziyeza kunyumba aja anali ndi nambala ya pansi yotsika ndi 5.8 mmHg, ndi ya pamwamba yotsika ndi 6.5 mmHg, poyerekeza ndi anzawo. Panthawiyo ambiri anali atasiya kale mankhwala. Ochepa mwa iwo anabwereranso kukagonekedwa m'chipatala chifukwa cha BP m'masabata awiri oyamba. Ataunika mitima ndi echo ndi MRI, anapeza kuti makoma a mtima anali opyapyalako, mnofu wa chipinda chakumanzere unali wopepukako, ndipo mtima unkamasuka bwino polandira magazi.

Pamene kafukufukuyu ali wolimba

Maere ndiwo mphamvu yake yaikulu. Popeza magulu awiriwa anayamba ali ofanana, kusiyana kumene kunaoneka pamapeto tingakuike pa chisamaliro chimene analandira. Zimenezi zikuyankha mbali ya funso lija: kaya vuto linayambira ku nsengwa kaya ku mtima, zimene zimachitika m'masabata oyamba mayi atabereka zimasintha maonekedwe a mtima wake miyezi ingapo kutsogolo.

Chachiwiri, sanadalire BP yoyezedwa kamodzi m'chipinda cha dokotala, imene imakwera ndi mantha kapena kutopa kwa ulendo. Chachitatu, amayi 9 mwa 10 alionse anatsatiridwa mpaka pamapeto. Chachinayi, zotsatira zikugwirizana ndi kafukufuku wocheperapo amene anatsogola ku Oxford komweko, wotchedwa SNAP-HT, amene anapeza kuti kusiyana kwa BP kunalipobe patatha zaka zitatu kapena zinayi. Ndipo panalibe mankhwala atsopano kapena odula. Chatsopano chinali chakuti wina ankayang'ana manambala a mayi pa nthawi imene thupi lake likusintha msanga, n'kuchitapo kanthu.

Pamene akuperewera

Choyamba, POP-HT anayeza kukhuthala kwa makoma a mtima ndi manambala a BP. Sanawerenge amayi amene mtima unalephera, amene anadwala sitiroko kapena amene anamwalira. Amayi 220 m'miyezi 9 ndi ochepa kwambiri kuti ayankhe funso limenelo. N'zomveka kuganiza kuti mtima wopyapyalako ndi BP yotsikako zidzamuteteza mayi m'tsogolo, koma apa tikuganizira chabe, kafukufukuyu sanaziwonetse. Amene anganene kuti POP-HT watsimikiza kuti kudziyeza BP kumapulumutsa miyoyo akuwonjezera zimene ofufuzawo sanapeze.

Chachiwiri ndi amayi amene analowa. Onse anachokera pa chipatala chimodzi, ambiri anali azungu, ndipo zaka zawo zinali cha m'ma 30. Mayi amene timamuona ku Zingwangwa kapena ku South Lunzu nthawi zambiri ndi wamng'ono kuposa pamenepo. Kafukufuku wa dziko lonse wa MDHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Mtima wa mayi wa kuno umasenzanso katundu amene ku Oxford ndi wosowa: kuchepa kwa magazi, malungo, HIV, ndiponso zitseko za mtima zowonongeka ndi nthenda ya rheumatic fever paubwana. Mtima wotere ungayankhe mosiyana.

Chachitatu, chithandizocho chinali mtolo wa zinthu zitatu: makina, foni ndi dokotala woyankha. Kafukufukuyu sangatiuze chimene chinagwira ntchito kwambiri. Amayi ndi madokotala ankadziwa gulu limene aliyense ali, ndipo mayi amene akudziwa kuti wina akumuyang'anira amasamala zambiri, kuyambira kumwa mankhwala mpaka mchere wa m'ndiwo. Komanso amayiwa analembedwa mu 2020 ndi 2021, mliri wa COVID-19 uli pakati, pamene chisamaliro cha nthawi zonse chinali chitasokonekera m'mayiko ambiri. N'kutheka kuti zimenezi zinakulitsa kusiyana kwa magulu awiriwa.

Chachinayi, kafukufukuyu anayambira pa mayi amene matenda ake anadziwika, analembedwa, ndipo akutuluka ndi mankhwala m'manja. Kwa ife pamenepo ndi patali kale. Mayi amene anayamba sikelo mochedwa, kapena amene anafika tsiku limene makina analibe mabatire, salowa n'komwe m'chiwerengero chotere. Ndipo uthenga wa pafoni wakuti "wonjezerani nifedipine" uli ndi tanthauzo pokhapokha mankhwalawo alipo, foni ili ndi moto, ndipo ili m'manja mwa mayiyo osati mwa bambo amene apita nayo kuntchito ku Limbe.

Tisaiwale kuti chofooka chimenechi chili ndi mbali ziwiri. Chisamaliro cha nthawi zonse cha ku England chili ndi mzamba woyendera mayi kunyumba ndi dokotala wa m'dera. Ngati pamwamba pa zimenezo kuyang'anira BP kunabweretsabe kusintha, ndiye kuti kumene mayi satengedwa BP ngakhale kamodzi pakati pa tsiku lotuluka ndi sabata la 6, phindu lingakhale lalikulu kuposa la ku Oxford.

Phunziro la ku Zomba

Pali chiyeso choganiza kuti yankho ndi kugula makina. Tili ndi umboni wa kwathu kuno wotichenjeza. Kafukufuku wa CRADLE-3, amene anasindikizidwa mu Lancet Global Health mu 2019, anachitikira m'madera 10 a mayiko 8, ndipo Zomba inali limodzi mwa maderawo pamodzi ndi Lusaka, Ndola ndi Harare. Azaumoyo anapatsidwa makina oyezera BP okhala ndi nyali zobiriwira, zachikasu ndi zofiira zochenjeza za ngozi. Anatsatira amayi oposa 500,000 obereka. Azaumoyo anawakonda makinawo ndipo amayi ambiri anayezedwa BP. Koma ofufuza atawerengera kusiyana kwa madera ndi kusintha kwa nyengo, sanathe kusonyeza kuti makinawo anachepetsa imfa, kukomoka kwa eclampsia kapena kuchotsa chiberekero.

Ndikaika CRADLE-3 pambali pa POP-HT, ndimaona kuti chinthu chofunika kwambiri ku Oxford chinali munthu woyankha. Nambala iliyonse yokwera inkafika kwa wina amene anali ndi udindo ndi mphamvu yosintha mankhwala tsiku lomwelo. Nyali yofiira imene palibe woiyankha imangowopseza mayi ndi mlangizi wa zaumoyo.

Chenjezo lofanana likufunika pa kafukufuku wina wa ku Manchester wotchedwa PICk-UP, wa Laura Ormesher ndi anzake mu 2020. Amayi 60 amene anali ndi preeclampsia mwana asanakhwime anapatsidwa enalapril kapena mankhwala ongoyerekeza kwa miyezi 6, ndipo mitima ya omwa enalapril inaoneka bwinoko pa echo. Enalapril timamudziwa ndipo mayi woyamwitsa atha kumwa. Koma amayi 60 ndi ochepa, ndipo enalapril amavulaza mwana wa m'mimba. Sayenera kuperekedwa popanda kukambirana za kulera, ndipo kafukufuku wamng'ono chotere si chifukwa choyambitsira aliyense.

Tsiku la 42 ndi zimene limabisa

Vuto lathu lalikulu lili pa kawerengedwe. Imfa ya uchembere imawerengedwa ngati mayi wamwalira ali woyembekezera kapena pasanathe masiku 42 pathupi patatha. Pa imfa za uchembere dziko lathu lapita patsogolo: MDHS inapeza imfa 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004, 675 mu 2010, ndi 439 mu 2015 mpaka 2016. Kauniuni wa imfa za uchembere wa Unduna wa Zaumoyo wa zaka za 2020 mpaka 2022 anaika eclampsia m'gulu la zifukwa zitatu zikuluzikulu, pamodzi ndi matenda obwera ndi tizilombo ndi kutaya magazi pambuyo pobereka.

Mtima sutsatira kalendala imeneyi. Karen Sliwa ndi anzake anatsatira amayi 225 odwala mtima pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo mu 2014 anafotokoza kuti mwa amayi 9 amene anamwalira, 8 anamwalira masiku 42 atadutsa. Sanalowe m'chiwerengero cha imfa za uchembere.

Taganizirani mmene zingayendere kuno. Mzinda wa Blantyre ulibe chipatala cha boma chachigawo chapadera, choncho mayi wa preeclampsia yoopsa wochokera ku Bangwe kapena ku Chilomoni amatumizidwa ku Queens, n'kuberekera ku Chatinkha. Akatuluka amabwerera ku chipatala chaching'ono cha kwawo, kumene amabwera ngati mayi wa mwana wa sikelo. Patatha miyezi inayi ayamba kutsokomola usiku, miyendo yatupanso, chitunda cha ku Ndirande chimene ankakwera ndi ndowa pamutu tsopano akupumira kawiri panjira. Akapita kuchipatala alowera khomo la odwala wamba. Chifuwa ndi kubanika zimatiganizitsa chibayo, TB, mphumu kapena kuchepa kwa magazi, ndipo n'zomveka chifukwa matenda amenewa ndi ofala. Ngati palibe wofunsa kuti "munabereka liti, ndipo BP inali bwanji muli oyembekezera?", mtima suganiziridwa mpaka mochedwa.

Kunyumba nako kuli kufotokoza kwake. Kutupa miyendo ndi nkhope, chifuwa ndi kufooka kwa mayi wa mwana wakhanda ndi zizindikiro zomwezo zimene akuluakulu amazitcha mdulo kapena tsempho. Banja likakhulupirira kuti wina sanasunge mwambo, masabata amatha anthu akukambirana za wolakwa ndi kufunafuna mankhwala azitsamba. Inu odzipereka ndi alangizi a zaumoyo amene mumalowa m'makomo, simufunika kukangana ndi agogo kapena apongozi pa za mwambo. N'zokwanira kunena mwaulemu kuti, "Agogo, zimenezo mukambirana pabanja, koma mwana wanuyu tiyeni akamuyeze mtima lero, chifukwa madzi akalowa m'mapapo sadikira."

Zimene tingatenge lero

Uthenga wa POP-HT umene ndikuukhulupirira ndi wakuti masabata oyamba pambuyo pobereka ndi nthawi ya chithandizo, ndipo nambala ya BP iyenera kufika kwa munthu wotha kuchitapo kanthu. Zimenezi tingazichite ndi zimene tili nazo.

Poyamba ndi kabuku ka kuchipatala. Mzamba kapena namwino wotulutsa mayi alembe moonekera kuti anali ndi preeclampsia, eclampsia kapena BP yokwera, mankhwala amene akutuluka nawo, ndi tsiku lodzayezetsa. Amuuzenso mayiyo ndi womudikirira m'Chichewa chomveka kuti BP imatha kukwera atafika kunyumba, ndiponso kuti kukomoka kwa eclampsia kumachitikanso mwana atabadwa kale.

Kachiwiri ndi masiku oyeza. Malangizo a WHO a 2022 amati mayi aonedwe m'maola 24 oyamba, pakati pa maola 48 ndi 72, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi pa sabata la 6. Kwa mayi amene BP yake inakwera, kuyeza kwa pakati pa tsiku la 3 ndi la 6 ndiko kusaphonyedwe. Ngati sangakwere minibasi kapena kabaza ndi bala la opaleshoni, mlangizi wa zaumoyo amupeze kunyumba. Pambuyo pake mayiyu timakumana naye kale: amabwera ndi mwana ku katemera pa sabata la 6, la 10, la 14 ndi pa miyezi 9. Mwana amakwera sikelo, mayi amabwerera osagwidwa mkono. Dziko lino linayambitsa Option B+ mu 2011, ndipo kuyambira pamenepo taphunzira kutsatira mayi ndi mwana limodzi kwa zaka ziwiri pa nkhani ya HIV. Luso limenelo tili nalo.

Kachitatu ndi kayezedwe. Mayi akhale pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli pa mulingo wa mtima, lamba wa makina akhale woyenera kukula kwa mkono wake. Lembani nambala imene makina aonetsa. Kaundula wodzaza ndi 120/80 kuyambira pamwamba mpaka pansi akusonyeza kuti manambala akuzunguliridwa, ndipo 138/92 yolembedwa ngati 130/90 kapena 120/80 ndi mayi wotayika. BP ya 140/90 kapena kuposa, yobwerezedwa, ipite kwa namwino kapena clinical officer. BP ya 160/110, kapena BP yokwera limodzi ndi mutu waukulu, kusaona bwino kapena ululu pansi pa nthiti, ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Odzipereka asasinthe mankhwala a mayi. Ntchito yawo ndi kuyeza, kulemba, kutumiza ndi kutsatira ngati wafikadi. Chipatala chilichonse chisankhe munthu wodziwika dzina amene amalandira manambala amenewa.

Kachinayi ndi mafunso a mtima, amene safuna makina. Kodi mumatha kugona chagada, kapena mumatsamira mapilo ndi zovala kuti mupume? Kodi mumadzidzimuka usiku mukubanika? Kodi mukutsokomola, makamaka makhololo a thovu? Kodi kutupa kukuwonjezeka m'malo mophwa? Kodi mtima umagunda mothamanga mutangokhala? Kodi ntchito imene munkaitha, monga kutunga madzi kapena kukwera chitunda, yayamba kukukanikani? Mayi wa mwana wosakwana miyezi 6 akayankha kuti inde, atumizidwe ndi kalata yonena kuti mukukayikira mtima. Ku Neno, kudzera mu ndondomeko ya PEN-Plus, ma clinical officer anaphunzitsidwa kuunika mtima ndi echo pa chipatala cha boma. Ngati zinatheka ku Neno, si zosatheka m'zipatala za m'tauni.

Kachisanu ndi tsogolo. BP ikakhalabe yokwera patatha masabata 12, mayiyo ali ndi nthenda ya BP yokhalitsa ndipo aperekedwe m'manja mwa kiliniki ya matenda amgonagona, osati kungouzidwa kuti "mukapite". Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Pathupi ndi mwayi wopeza ena mwa iwo adakali achitsikana. Pa kulera, mapiritsi ophatikiza mahomoni awiri si oyenera mayi wa BP yokwera, ndipo amene mtima wake unafooka akambirane ndi dokotala asanatengenso pathupi. Akadzatenga pathupi pena ayambe sikelo msanga, chifukwa WHO imalimbikitsa aspirin wa 75 mg tsiku lililonse kwa amayi amene ali pa chiopsezo cha preeclampsia, ndi calcium kumadera kumene chakudya chili ndi calcium wochepa.

Kafukufuku amene tikumusowa

Kwa anzanga ofufuza a ku KUHeS ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome, POP-HT watisiyira funso lomveka bwino. Kodi mlangizi wa zaumoyo woyeza BP kunyumba kapena ku sikelo, wolumikizidwa ndi namwino amene ali ndi ndondomeko yolembedwa yosinthira mankhwala, angabweretse kusintha kumene foni ndi dokotala anabweretsa ku Oxford? Kafukufuku wotere alembe amayi a m'matauni athu monga alili, achitsikana, ochepa magazi ndi amene ali pa ma ARV. Awatsatire chaka chathunthu, aunike mitima ndi echo, awerenge ogonekedwa ndi omwalira tsiku la 42 litadutsa, ndipo alembe masiku amene mankhwala kapena mabatire anasowa, chifukwa zimenezonso ndi zotsatira. Awerengenso nthawi imene ntchitoyi ikumudyera mlangizi amene ali kale ndi katemera, kolera ndi kalembera pamutu.

Pamene tikudikira umboni umenewo, kuyeza BP ya mayi amene tikudziwa kuti inakwera sikufuna chilolezo cha kafukufuku wina aliyense. Sabata ino ku sikelo ya ana, mwana akatsika pa sikelo, tsegulani kabuku ka mayi ake, muone zimene zinalembedwa pa nthawi ya pathupi, mumufunse mmene akupumira usiku, ndipo mumupemphe akhale pansi apereke mkono.